Namondwe wa Katrina: Ndani Anamiza New Orleans, Nanga Ndani Anaisiya Yokha?

Namondwe sazengedwa mlandu. Akawomba n'kupita, otsala amatembenukira kwa anthu amene anali ndi udindo wowateteza, ndipo kulozana zala kumayamba maliro asanaikidwe n'komwe. Ku America zimenezi zinafika poipa mu 2005, namondwe wa Katrina atakantha madera a m'mphepete mwa nyanja ya Gulf of Mexico Lolemba pa 29 Ogasiti. Magawo 80 pa 100 alionse a mzinda wa New Orleans, m'chigawo cha Louisiana, analowa m'madzi. Kwa zaka zambiri ankati anthu 1,833 ndiwo anafa, koma mu 2023 akatswiri a boma oona za anamondwe atawerenganso anatsitsa chiwerengerocho kufika pa 1,392. Katundu wa madola pafupifupi 125 biliyoni anawonongeka. Chimene anthu sanaiwale n'chimene anaona pa kanema: mabanja ali pamadenga akukupiza nsalu kuitana ndege, nkhalamba zitafera pa njinga za olumala, makanda akulira ndi ludzu, masiku anayi athunthu, m'dziko lolemera kuposa onse.

Mpaka lero funso lakuti analakwa ndani limayankhidwa motengera chipani. Otsatira chipani cha Democratic amaloza Pulezidenti George W. Bush ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ya FEMA. Otsatira cha Republican amaloza meya wa mzindawo, Ray Nagin, ndi bwanamkubwa wa Louisiana, mayi Kathleen Blanco, onse awiri a Democratic. Ofuna kuoneka osakondera amangoti onse analakwa. Yankho lachitatuli ndi loona, koma ine silindikhutiritsa, chifukwa mlandu ukagawidwa mofanana kwa aliyense, pamapeto pake palibe amene amaumva kulemera. Ku New Orleans kunagwa ngozi ziwiri zosiyana. Mzinda unamira, kenaka anthu amene anapulumuka kumirako anasiyidwa okha. Ngozi iliyonse ili ndi eni ake, ndipo eni a ngozi yoyamba ndiwo anatchulidwa mochepa kwambiri.

Tiyambe ndi madziwo. New Orleans ili pakati pa mtsinje wa Mississippi ndi nyanja ya Pontchartrain, ndipo pafupifupi theka la mzindawo lili potsika kuposa pomwe madzi a nyanja yaikulu amalekezera. Madzi akalowamo satuluka okha, amachita kupopedwa ndi mapampu kudzera m'ngalande zikuluzikulu. Moyo wa mzindawo umadalira milu ya dothi ndi zipupa za simenti zotchinga madzi. Namondwe wa Betsy atasefukitsa mzindawo mu 1965, nyumba ya malamulo ya dzikolo inapereka ntchito yojambula mapulani ndi kumanga zotchingazi kwa mainjiniya a asilikali, a Army Corps of Engineers, omwe ndi nthambi ya boma lalikulu la ku Washington. Mabodi a m'deralo anapatsidwa udindo wosamalira zigawo zimene zamalizidwa. Patapita zaka 40, Katrina akufika, ntchitoyo inali isanathe.

Ambiri amaiwala kuti pakati penipeni pa namondweyo sipanadutse pa New Orleans. Panadutsa chakum'mawa. Kumeneko, m'chigawo cha Mississippi, nyanja inakwera mamita oposa 8 m'malo ena n'kusesa matauni a Waveland, Bay St. Louis ndi Pass Christian, ndipo uko tinganenedi kuti inali mphamvu ya chilengedwe. Ku New Orleans mphepo inali yocheperako, moti Lolemba lomwelo atolankhani ena ankalengeza kuti mzinda wapulumuka. Pomwe ankanena izi zotchinga zinali zitagumuka kale, ndipo malo ogumuka anapitirira 50. Pena madzi anachita kudutsa pamwamba n'kukokolola dothi la kuseri mpaka chipupa chinagwa, monga zinachitikira pa ngalande ya Industrial, yomwe inamiza dera la Lower Ninth Ward. Koma pa ngalande ya 17th Street ndi ya London Avenue, zomwe zinadzaza madzi m'kati mwa mzinda, zipupa zinagwa madzi asanafike n'komwe pamwamba pake. Zinalephera pa mulingo umene omanga analonjeza kuti zidzapirira. Zitsulo zochirikiza zipupazo sizinakhomedwe mozama mokwanira, dothi la pansi pake linali lofewa kuposa mmene mainjiniya anawerengera, ndipo m'malo ena anagwiritsa ntchito miyeso yakale, osalabadira kuti nthaka ya mzindawo imatitimira chaka ndi chaka.

Izi sizinanenedwe ndi adani a boma okha. Mu 2006 mkulu wa mainjiniyawo, Carl Strock, anavomera poyera kuti mapulani awo anali ndi zolakwika, ndipo kafukufuku amene nthambiyo inaitanitsa yokha anapeza kuti zotchingazo zinali zidutswa zosalumikizana bwino. Chaka chotsatira bungwe la mainjiniya a m'dzikomo, la ASCE, linati zipupa zikanapanda kugumuka ndipo mapampu akanagwira ntchito, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a imfa za mumzindamo akanapeweka. Panalinso ngalande ya sitima zapamadzi ya MRGO, yomwe mainjiniya omwewa anakumba kuti afupikitse ulendo wochokera kunyanja yaikulu. Kuyambira m'ma 1960 ngalandeyi inkalowetsa madzi a mchere, amene anapha madambo ndi nkhalango zomwe kale zinkafooketsa mafunde asanafike kwa anthu. Makampani a mafuta nawonso anadukiza madambowo ndi ngalande zawo. Mlandu uwu sungagwere pulezidenti mmodzi. M'zaka 40 zija munadutsa maboma a zipani zonse ziwiri, aphungu ankapereka ndalama modontheza, ndipo mabodi a m'deralo ankayendera zipupa mwachiphamaso. Koma amene anajambula mapulani n'kuyang'anira ntchito yomanga ndi mmodzi, ndipo akudziwika.

Ngozi yachiwiri imamveka bwino munthu akadziwa mmene ulamuliro wa America unagawidwira. Ngozi ikagwa, loyamba kuthamanga ndi boma la mzinda. Likachepa mphamvu limapempha boma la chigawo, ndipo nalonso likachepa mphamvu bwanamkubwa amapempha pulezidenti, malinga ndi lamulo la Stafford la 1988. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa ngozi wamba dongosololi limayenda bwino. Nanga wotsekula chitsekoyo akamira nayenso? Mafoni anafa, mawailesi a apolisi anazima, likulu la asilikali a chigawo, a National Guard, ku Jackson Barracks linalowa madzi, ndipo masauzande a asilikali amenewa anali ku nkhondo ku Iraq. A ku Washington ankadikira mapempho otchula chofunika ndi malo ake kuchokera kwa anthu amene sankatha n'kuimbirana lamya komwe.

Pa maboma atatuwa palibe limene linganene kuti silinadziwe. Mu Julayi 2004 FEMA inalipira maphunziro oyeserera ku Baton Rouge, komwe akuluakulu a maboma onse atatu anayerekeza kuti namondwe wopeka, dzina lake Pam, wamiza New Orleans. Zinali zodziwika kuti anthu oposa 100,000 a mumzindawo alibe galimoto yothawira. Mapulani otsatira sanamalizidwe. Katrina atayandikira, a zanyengo anagwira ntchito yawo mosapsatira mawu. Loweruka madzulo mkulu wa likulu loona za anamondwe, Max Mayfield, anachita kuimba yekha lamya kwa bwanamkubwa ndi kwa meya, ndipo Lamulungu ofesi ya zanyengo inalengeza kuti dera lalikulu silidzakhalika kwa masabata angapo.

Meya Nagin analamula kuti aliyense atuluke mumzinda Lamulungu m'mawa pa 28, kutatsala maola osakwana 24. Akanatha kutero Loweruka. Ngakhale zinali choncho, kusamuka kwa anthu a galimoto kunayenda bwino kuposa mmene ambiri amakumbukira. Misewu ikuluikulu inasandutsidwa yotulukira mbali zonse ziwiri, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi anachoka m'deralo. Pamenepa boma la Blanco liyenera kuyamikiridwa. Kulephera kwa mzinda kunali pa otsala. Mabasi anatumizidwadi kukatenga anthu, koma ankawatula ku bwalo lamasewero la Superdome, m'kati mwa mzinda womwewo. Mabasi a sukulu mazanamazana anasiyidwa pamalo otsika mpaka anamira. Meya anati analibe madalaivala, koma nkhani ya madalaivala inayenera kukonzedwa chaka cha Pam chija. Ku Superdome kunadzaza anthu oposa 20,000. Mbali ya denga inasasuka, magetsi anazima, madzi anasiya kutuluka, zimbudzi zinasefukira. Khamu linanso lalikulu linasonkhana ku holo ya misonkhano ya Convention Center, komwe kunalibe chakudya kapena madzi osungidwa, poti malowo sanali m'mapulani a aliyense.

Pali ena amene amati otsalawo anadzichititsa okha, poti anauzidwa kuti achoke. Zimenezi ndimazikana. Munthu mmodzi mwa anayi alionse mumzindawo anali pa umphawi. Namondwe anabwera kumapeto kwa mwezi, ndalama zitatha m'matumba, pomwe kuthawa kumafuna mafuta, malo ogona ndi wachibale wokhala kutali. Pafupifupi theka la anthu amene anafa ku Louisiana anali a zaka 75 kapena kuposerapo. Ku nyumba yosungiramo okalamba ya St. Rita's anthu 35 anamira, ndipo pa chipatala cha Memorial anapezapo mitembo 45. Amenewa sanakane kuthawa, analibe wowanyamula. Ife amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti uthenga wakuti samukani umamveka mosiyana kwa munthu amene ali ndi kolowera ndi kwa amene alibe. Boma likalamula anthu kusamuka, ladziika lokha pa udindo wonyamula amene sangathe kudziyendera.

Bwanamkubwa Blanco analengeza kuti chigawo chake chili pangozi Lachisanu pa 26, napempha thandizo ku Washington tsiku lotsatira, Bush n'kuvomera. Ndikutchula izi chifukwa patapita sabata mkulu wina wa boma la Bush, yemwe sanatchulidwe dzina, anauza nyuzipepala ya Washington Post kuti mayiyo sanalengeze kalikonse, ndipo nyuzipepalayo inachita kukonza bodzalo. Zofooka za Blanco zinali zina. Mapempho ake oyamba sanatchule zinthu mwatchutchutchu, anachedwa kusonkhanitsa mabasi a m'chigawo chake podalira mabasi 500 amene ankati FEMA yamulonjeza, ndipo iye ndi meya sankayendera limodzi. A ku White House atamupempha kuti aike asilikali a chigawo pansi pa ulamuliro wa boma lalikulu, anakana, ndipo ena amati kukanako n'kumene kunachedwetsa thandizo. Masiku ake sagwirizana ndi ganizo limeneli. Pempholo linafika Lachisanu pa 2 Sepitembala, anthu atavutika kale masiku anayi. Komanso chimene lamulo la Posse Comitatus la 1878 limaletsa n'kugwiritsa ntchito asilikali a boma lalikulu ngati apolisi. Silinkaletsa kuwatuma kukapereka madzi ndi chakudya kapena kukanyamula odwala.

Pa ngozi yachiwiriyi gawo lalikulu la mlandu ndimaliika pa boma la ku Washington, chifukwa ndilo lokha linali ndi ndege, sitima, asilikali ndi ndalama zokwanira, ndipo ndilo lokha silinamire. M'zaka za m'ma 1990, motsogozedwa ndi James Lee Witt, FEMA inali ndi mbiri yabwino, ndipo mkulu wake ankakhala nawo pa misonkhano ya nduna. Zigawenga zitaukira dzikolo pa 11 Sepitembala 2001, maso onse anapita ku uchigawenga, ndipo mu 2003 FEMA inamezedwa ndi unduna watsopano wa Homeland Security. Ndalama zina zinapatutsidwa, akatswiri ambiri anachoka. Mkulu wake mu 2005, Michael Brown, anali loya yemwe asanalowe m'nthambiyi ankayang'anira oweruza mipikisano ya akavalo. Analowa kudzera mwa mnzake Joe Allbaugh, yemwe anayendetsa kampeni ya Bush mu 2000.

Sabata imeneyo ndi yofunika kuiyenda tsiku ndi tsiku. Lolemba madzulo wogwira ntchito wa FEMA yemwe anali mumzindamo anaona ndi maso ake, ali mu helikopita, kuti chipupa chagumuka, ndipo anadziwitsa mabwana ake. Nduna ya Homeland Security, Michael Chertoff, sinalengeze kuti iyi ndi ngozi ya dziko lonse mpaka Lachiwiri madzulo. Bush, yemwe anali patchuthi ku famu yake ku Crawford, Texas, anapita ku Arizona ndi ku California pa zochitika zina Lolemba ndi Lachiwiri, ndipo Lachitatu anajambulidwa akusuzumira mzindawo pawindo la ndege. Lachinayi, dziko lonse likuonera pa kanema khamu la ku Convention Center, Chertoff anauza wailesi kuti sanamvepo za anthuwo, ndipo Brown anati angodziwa tsiku lomwelo. Lachinayi lomwelo Bush ananena kuti palibe amene ankayembekeza kuti zotchinga zingagumuke. Omuikira kumbuyo amati chenjezo limene analandira Lamulungu linali la madzi kudutsa pamwamba, osati la kugumuka. Koma kwa banja lokhala m'munsi mwa chipupa, chenjezo lililonse mwa awiriwa linkatanthauza kuti mabwato ndi mabasi zikhale chire. Lachisanu, ali ku Mobile, Alabama, Bush anayamikira Brown pamaso pa atolankhani kuti akugwira ntchito yotamandika. Tsiku limenelo m'pamene mdipiti wa magalimoto a asilikali unalowa mumzinda ndi chakudya, ndipo mkulu wawo, Russel Honoré, anachita kuwakalipira kuti atsitse mfuti, poti anabwera kudzapulumutsa anthu.

Umboni wakuti thandizo lachangu linali lotheka ndi asilikali olondera gombe, a Coast Guard. Iwo anasamutsa ndege zawo namondwe asanafike, n'kubwerera mphepo itangotsika, ndipo anapulumutsa anthu oposa 33,000 osadikira kalata ya aliyense. Anali pansi pa unduna womwewo wa Chertoff. Asodzi ndi anthu wamba a mabwato nawonso analowa m'madzi mosatumidwa.

Ndiye panali mphekesera. Meya ndi mkulu wa apolisi, Eddie Compass, anabwereza pa kanema nkhani za kuphana ndi kugwiririra ku Superdome, atolankhani n'kuzifalitsa osafufuza. Zambiri zinadzapezeka kuti zinali zabodza kapena zokokomeza, koma zinali zitawononga kale. Opulumutsa ena anachita mantha, madalaivala ena anakana kulowa mumzinda, ndipo apolisi anachotsedwa pa ntchito yopulumutsa kuti akalimbane ndi akuba. Apolisi a tauni ya Gretna anatseka mlatho n'kubweza anthu amene ankathawa wapansi. Pa 4 Sepitembala apolisi a New Orleans anawombera anthu 6 opanda zida pa mlatho wa Danziger, awiri n'kufa, kenaka anapotoza umboni. Anthu awiri mwa atatu alionse mumzindawo anali akuda, ndipo nkhope zambiri zimene zinkaoneka ku Superdome zinali za akuda. Woimba Kanye West ananena pa kanema kuti Bush salabadira anthu akuda. Za mumtima mwa Bush tizisiye. Choonekera poyera n'chakuti mbiri yaitali ya tsankho ndiyo inachititsa kuti ambiri opanda galimoto akhale akuda, ndiponso kuti anthu ovutikawa anafulumira kuonedwa ngati oopsa asanaonedwe ngati ofuna thandizo.

Nanga analipira ndani? Brown anachotsedwa pa ntchito ya Katrina pa 9 Sepitembala, natula pansi udindo pa 12. Tsiku lotsatira Bush anati pomwe boma lalikulu linalephera, iye akuvomera udindo, koma chikhulupiriro cha anthu pa iye sichinabwererenso pomwe chinali. Mu 2006 kunatuluka malipoti atatu. Lina, lotchedwa A Failure of Initiative, linalembedwa ndi komiti ya aphungu a chipani cha Bush chomwe, ndipo silinamunyengerere. Lina linali la nyumba ya malamulo ya Senate, lina la White House. Awiri oyambawo anadzudzula maboma onse atatu, Chertoff ali m'gulu, komabe iye anakhala pampando mpaka 2009. Blanco sanaimenso pa chisankho cha 2007. Nagin anasankhidwanso mu 2006, ndipo mu 2014 anagamulidwa kukakhala kundende zaka 10, koma pa mlandu wa ziphuphu, osati wa anthu amene anafa. Apolisi asanu a nkhani ya Danziger anavomera milandu mu 2016, patatha zaka 11. Eni a St. Rita's anapezeka osalakwa mu 2007, maloya awo atatsindika kuti zimene zinamiza nyumbayo ndi zotchinga za boma. Chabwino chimene chinatulukapo ndi lamulo la 2006, lomwe linati mkulu wa FEMA azikhala munthu wodziwa ntchitoyo, ndipo linalola boma lalikulu kuyamba kuthandiza pa ngozi yoopsa lisanalandire pempho.

Brown anayeneradi kuchoka. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti kuchoka kwake kunakhala ngati kwatseka nkhani, pomwe iye sanamange chipupa ngakhale chimodzi. Anthu pafupifupi theka la miliyoni anapereka madandaulo ofuna chipukuta misozi kwa mainjiniya a asilikali aja. Mu Januwale 2008 woweruza Stanwood Duval anaidzudzula nthambiyo mwamphamvu, komabe anathetsa mlandu wa ngalande za 17th Street ndi London Avenue, chifukwa lamulo la 1928 limati boma lalikulu silingaimbidwe mlandu pa kuwonongeka kochokera ku ntchito zake zotchinga madzi osefukira. Mu 2009 woweruza yemweyo anapeza kuti nthambiyo inanyalanyaza kusamalira ngalande ya MRGO, poti iyo inali ya sitima osati yotchinga madzi, koma mu 2012 khoti la apilo linatembenuza chigamulocho.

N'zoona kuti boma lalikulu linapereka madola oposa 100 biliyoni pothandiza madera okhudzidwa. Koma linali thandizo, loperekedwa mmene woperekayo wafunira, osati malipiro a wolakwa. Ndondomeko yomangira nyumba ya Road Home inkawerengera ndalama potengera mtengo wa nyumba namondwe asanabwere, choncho mabanja a m'madera a akuda, komwe nyumba zinali zotsika mtengo, analandira zochepa ngakhale kuti simenti ndi matabwa zinkagulidwa pa mtengo umodzi. Ambiri sanabwererenso. Mzinda umene unali ndi anthu 484,000 mu 2000 unali ndi 384,000 mu 2020.

Mainjiniya omwe aja anapatsidwa madola pafupifupi 14.5 biliyoni n'kumanga zotchinga zatsopano, ndipo namondwe wamphamvu wa Ida atakantha Louisiana pa 29 Ogasiti 2021, zinapirira. Luso lomanga chipupa cholimba linalipo. Chinasowa m'zaka 40 zija chinali chowakakamiza. Pa zipupa za ngalande ziwiri zija zimene zinagwa madzi asanafike pamwamba, palibe khoti limene linalamula nthambiyo kulipira ngakhale dola imodzi, ndipo lamulo la 1928 likugwirabe ntchito.